Kuimba nokha ndi gitala kuno ku Angónia: poyambira ndi posamala

Achinyamata amene amandilembera pa WhatsApp funso lawo limakhala lomwelomwelo: studio yabwino ili kuti, titsikire ku Tete kapena tiwolokere ku Lilongwe? Ine ndimayamba ndawafunsa kuti, kodi nyimbo yanuyo mungaiimbe pakhonde, inu nokha ndi gitala, magetsi atathima, anthu n'kukhala duu mpaka ithe? Ngati simungathe, ndalama ya studio ibwezeni kaye m'thumba. Wojambula akhoza kukometsa nyimbo yabwino, koma yopanda kanthu sangaipatse kanthu, ngakhale aikemo ng'oma zingati za pakompyuta.

Ndimakhala ku Ulónguè, kwathu kwenikweni ndi cha ku Dómuè. Ndimalima chimanga ndi mbatatesi monga anzanga onse, ndipo ndimaimba nyimbo zopeka ndekha ndi gitala ya bokosi, imene ambiri kuno timangoti viola. Ndilibe kampani, ndilibe manijala, ndilibe gulu. Kumaiko a azungu oimba otere amawaika m'gulu la indie folk, koma kwathu kuno akhalapo kuyambira kale: madala a bangwe, a kaligo, anyamata a banjo ya chigubu cha mafuta, munthu mmodzi ndi nkhani yake. Zimene ndikulembazi ndi za munthu amene akufuna kuyenda njira imeneyo.

Tiyambe ndi gitala. Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, musatengeke ndi kunyezimira. Ikwezeni, muyang'ane khosi lake kuchokera kumutu mpaka kumimba ndi diso limodzi, muone ngati lili lowongoka. Kenako onani kutalika kwa mawaya pamene khosi likukumana ndi bokosi. Ngati chala chanu chaching'ono chikulowa pansi pa mawaya momasuka, isiyeni gitala imeneyo, idzakupweteketsani zala ndipo makodi apamwamba sadzamveka bwino. Dinani waya uliwonse pa kachitsulo kalikonse, mumvetsere ngati pena pakulira zii. Onaninso kathabwa kamene kamagwira mawaya pamimba paja, ngati kayamba kutukuka kumbuyo ndiye kuti guluu wasiya. Zimenezi zimachitika kwambiri ndi magitala amene akhala mumzinda wa Tete, chifukwa kutentha kwa kumeneko mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, guluu amafewa ndipo thabwa limapindika. Choncho mukamatsika ndi chapa, minibasi zathu zija, kudzera ku Mussacama ndi Moatize, musalole kondakitala aimangirire pamwamba kapena kumbuyo pamodzi ndi matumba. Masulaniko mawaya pang'ono, muiimike pakati pa miyendo yanu. Akadandaula, lipirirani mpando.

Mawaya amene amaduka msanga ndi woyamba, wopyapyala uja, ndi wachitatu. Musachoke pakhomo opanda apadera. Pano sapezeka nthawi zonse, ndiye mukamva kuti wina akupita ku Tete, ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mtumeni. Mukatha kuimba pukutani mawaya ndi kansalu kouma, chifukwa thukuta ndi limene limawachititsa dzimbiri. Kachunidwe kodziwika ndi Mi, La, Re, Sol, Si, Mi kuchokera ku waya wonenepa, ndipo pa foni pali mapulogalamu aulere ochunira, koma phunzitsaninso khutu lanu, foni imatha moto. Nyimbo ikakutsikirani kwambiri pakhosi, musaphunzire makodi ena atsopano, mangani kapo, kachipangizo kopanira mawaya onse pakhosi la gitala kuti mawu akwere. Mukasowa ya m'sitolo, pensulo ndi mphira ya chubu cha njinga zimagwira ntchito yomweyo. Ndipo makodi atatu, Do, Fa ndi Sol, akukwanirani kwa nthawi yaitali. Chimene ndimakakamiza ophunzira anga ndi dzanja lamanja: chala chachikulu chiziyenda pa mawaya onenepa ngati besi osaima, chamkombaphala chizitola nyimbo pa mawaya ang'ono. Mukazolowera zimenezi, munthu womvera kunja kwa mpanda amaganiza kuti muli awiri.

Tsopano kupeka, kumene kuli ntchito yeniyeni.

Mzere uliwonse muyambe mwaulankhula mokweza musanauimbe. Chichewa chili ndi kukwera ndi kutsika kwake kwa mawu, ndiponso timakoka pang'ono mawu omaliza asanathe. Mukapeka chuni kaye n'kumakankhiramo mawu, mawuwo amapotoka, womvera n'kumafunsa mnzake kuti akuti chiyani. Achinyamata ambiri akulakwitsa pamenepa chifukwa amatenga biti ya kunja pa intaneti n'kumadula Chichewa kuti chikwanemo. Inu chitani mosiyana. Lankhulani mzerewo monga mungawauzire amayi anu kumunda, mubwerezebwereze, ndipo mudzamva chuni ikutuluka yokha m'kalankhulidwe komweko. Ikatuluka ijambuleni pa foni nthawi yomweyo, ngakhale muli pakati pa mizere ya mbatatesi manja ali matope. Mukati ndikafika kunyumba, madzulo simudzaipezanso.

Nkhani ya nyimbo ikhale ya munthu mmodzi, pamalo amodzi, tsiku limodzi. Nyimbo yongoti umphawi ndi woipa, tiyeni tigwirizane, anthu amaombera m'manja mwaulemu n'kuiwala. Koma muimbe za mayi amene wadzuka tambala woyamba kuperekeza matumba a mbatatesi ku Calómuè, wogula wa ku Dedza n'kumutsitsira mtengo chifukwa akudziwa kuti sangabwerere nawo, muona amayi akugwedeza mitu, wina n'kuyankha kuti ndi zoona zimenezo. Nkhani zotere sizisowa. Pali mnyamata amene anapita kukafuna ntchito ku malasha a ku Moatize ndipo foni yake sikupezekanso. Pali bambo amene ali ku Joni, mwana wake akumudziwira pa chithunzi. Pali ife amene ubwana wathu unathera m'misasa ya othawa nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu, tinabwerera mtendere wa 1992 utabwera n'kupeza minda itasanduka tchire. Pali fetereza, pali mkazi wamasiye amene achibale amutengera malata. Mukaimba za zimene munaziona ndi maso, simusowa mawu okongoletsera.

Musatchule dzina la munthu wamoyo pomudzudzula. Phunzirani kwa amayi a pamtondo. Amayi akamasinja amatha kudandaula za mwamuna, za apongozi, za mkazi mnzawo, mudzi wonse n'kudziwa amene akunenedwa, koma osatchula munthu, ndiye palibe mlandu wopita kwa amfumu. Luso limenelo ndi lathu, ndipo limateteza woimba.

Siyaninso malo a anthu oti avomere. Kwathu kuno nyimbo imakhala ndi wotsogolera ndi ovomera, kaya ndi pa chintali, pa ngoma ya Angoni, kapena pamaliro. Ngakhale muli nokha pa siteji, kolasi yanu ikhale yaifupi, yoti munthu akaimva kawiri kachitatu aimbe nanu. Ine nyimbo yatsopano ndimayamba kuiimbira amayi awiri a kwaya ya kutchalitchi kwathu. Iwo sanyengerera. Akati apa mawu achuluka, ndimachotsa. Mawa lake ndimatchera khutu kwa ana osewera panjira, ndikamva akung'ung'udza kolasi ija ndimadziwa kuti yagwira.

Pa zotenga m'miyambo pamafunika ulemu. Gule wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO m'chaka cha 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo alendo amaukonda, choncho woimba wachinyamata amakopeka kuti atengeko nyimbo zake. Zimene zimaimbidwa poyera pabwalo mukhoza kufunsa akuluakulu ngati n'zololedwa kuzikonza pa gitala. Za kudambwe zisiyeni komweko. Nyimbo ya makolo mukaitenga, nenani poyera kuti ndi ya makolo, musailembe dzina lanu ngati munapeka ndinu.

Ndipo chonde, musachape Chichewa chathu kuti chimveke ngati cha pawailesi ya ku Lilongwe. Ife timasakaniza ndi Chipwitikizi, tili ndi katchulidwe kathu ka kumapiri kuno, ndipo chimenecho ndicho chimakusiyanitsani ndi oimba mazanamazana a tsidya lija. Mukafuna kuti a mumzinda wa Tete akumveni, ikani mzere umodzi kapena iwiri ya Chinyungwe m'kolasi, koma mupeze Mnyungwe weniweni akukonzereni musanaimbe pagulu.

Nyimbo ikapsa, ijambuleni kaye pa foni. Sankhani usiku kwambiri kapena m'bandakucha atambala asanayambe, chigayo chitatseka, ndipo osati tsiku la mvula ngati nyumba ndi ya malata. Chipinda chopanda katundu chimabweza mawu, ndiye jambulirani kuchipinda chogona, mutsamiritse matiresi kukhoma, mupachike bulangeti pachitseko ndi pawindo. Foni muiike pa kandege kaja kotseka netiweki kuti wina asakuimbireni pakati pa ndime yachiwiri. Muikhazike pa chinthu chofewa, motalikira ngati zikhatho ziwiri kapena zitatu, ikuloza pamene khosi la gitala likukumana ndi bokosi, chapamwamba pang'ono kuti itolenso mawu anu. Ikaloza pabowo, besi imakwirira zonse. Jambulani kangapo, mugone, mumvetsere mawa. Potumizira munthu pa WhatsApp, tumizani ngati documento, chifukwa mukajambula ngati uthenga wa mawu imafinyidwa ndipo gitala imamveka ngati ili m'madzi.

Kujambula kwa pafoni kumeneku n'kumene mupite nako ku studio, kuti wojambula amve chimene mukufuna asanayatse kompyuta yake. Ambiri mwa ojambula athu anazolowera nyimbo zovina, dzanja lawo limathamangira kuika ng'oma ndi kuwongola mawu ndi makina mpaka munthu osadzizindikira. Muuzeni mwaulemu koma mosabweza: achimwene, gitala ndi mawu zikhale patsogolo, china chilichonse chibwere pambuyo ngati chikufunika. Chisekese chimodzi kapena mawu a mlongo wanu ovomera nthawi zambiri zimakwana. Musanayambe gwirizanani mtengo wa nyimbo yonse mpaka kumaliza, kuti mudzabwerera kangati kukakonzetsa, ndiponso kuti adzakupatsani fayilo ya WAV, imene mawu ake sanafinyidwe, osati MP3 yokha. MP3 ndi yogawira anthu, WAV ndiye yosunga.

Ikatuluka, dzina lanu ndi mutu wa nyimbo zilembedwe pa fayilo yeniyeniyo, chifukwa ikangofika m'mafoni a anthu imayenda yopanda mwini. Anyamata oika nyimbo m'mamemori kumsika ena amawada kuti ndi akuba. Ine sindilimbana nawo. Ndimawapatsa ndekha nyimbo imodzi kapena ziwiri, zolembedwa bwino dzina, chifukwa iwowa ndi amene amaifikitsa ku Tsangano, ku Furancungo, mpaka ku Lizulu, kumene ine sindinapondeko ndi gitala. Munthu amene adzakuitaneni ku ukwati wa mwana wake adzayamba wakumverani mu memori yotere.

Ku wailesi pitani nokha, musangotumiza. Rádio Moçambique ya ku Tete imaulutsa m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe kuwonjezera pa Chipwitikizi, ndipo m'maboma muli mawailesi a m'madera amene amasowa nyimbo za kwawo komweko. Tengani flash, kapepala kolemba dzina lanu, mutu wa nyimbo ndi nambala ya foni, ndipo gitala musaisiye. Woulutsa akaona gitala kawirikawiri amati tangoimbani pompano, ndipo mphindi zimenezo zimaposa kuseweredwa kwa nyimbo yojambula, chifukwa omvera amamva kuti ndinu munthu, mumachokera pakuti. Mpikisano wa Ngoma Moçambique wa wailesi yomweyo muziutsatira, mudziwe nthawi imene amalandira nyimbo. Mawailesi a ku Malawi amamveka bwino kuno, ndipo nyimbo ya Chichewa siona malire, choncho kumenekonso tumizani.

Za intaneti ndinena mwachidule, chifukwa ambiri amayembekezerako zambiri. Spotify inafika ku Mozambique ndi ku Malawi mu 2021, koma simungaikeko nyimbo nokha, mumadzera kwa ogawa monga DistroKid, amene amalipiritsa pachaka kudzera pa khadi ya kubanki. Ndiponso kuyambira 2024 nyimbo imene sinamveredwe ka 1000 pa miyezi 12 silandira kalikonse kumeneko. Kwa ife phindu lenileni lili pa kavidiyo kakafupi ka pa Facebook, TikTok kapena YouTube, inu mutakhala pakhonde mapiri akuoneka kumbuyo, nambala yanu ili pansi. Amene amaonera kwambiri ndi abale athu a ku Johannesburg, ku Beira ndi ku Maputo amene akusowa kwawo, ndipo ena mwa iwo amatumiza kangachepe kapena kukuitanani akabwera pa tchuthi.

Ndalama ya woimba ngati ife ili pamaso pa anthu: pa zinkhoswe ndi maukwati, pa zikondwerero za 7 Epulo, 25 Juni ndi 4 Okutobala, pa misonkhano ya mabungwe a zaumoyo ndi zaulimi, m'malo odyera a ku Tete ndi ku Moatize kumapeto a sabata. Ndipo imabwera ndi nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala anthu agulitsa fodya, mbatatesi ndi nyemba, maukwati amachuluka, foni imalira. Januwale ndi Febuluwale palibe amene amaitana woimba. Miyezi imeneyo ndi yopalira ndi yopeka nyimbo. Munda musausiye. Woimba amene ali ndi chimanga m'nkhokwe amatha kukana ntchito yomunyozetsa, wopanda chimanga amavomera chilichonse.

Munthu akakuitanani, zonse zilembedwe, ngakhale pa uthenga wa pafoni: tsiku, malo, muimba nthawi yaitali bwanji, thiransipoti alipira ndani, mudya ndi kugona kuti, ndiponso ngati pali zokuzira mawu ndi maikolofoni awiri, ina ya pakamwa ina ya gitala. Theka la ndalama lilowe pa M-Pesa kapena e-Mola musanakwere chapa. Musachite manyazi ndi zimenezi, ngakhale woitanayo ndi malume anu. Nenani kuti, amalume, ya mayendedwe ndi ya mawaya itsogole, yotsalayo mudzandipatsa ndikafika, ndisanayambe kuimba. Mwambo ukatha eni ake amakhala otopa, ndalama yapita ku zakumwa, ndipo amene mumagwirizana naye sapezeka. Pa ukwati funsiranitu za ndalama zofupa: za perekaniperekani ndi za akwati, koma zimene anthu akuponyerani inu mukuimba zikhale zanu, ndipo zimenezi zimveke mwambo usanayambe. Mukawoloka malire, gwirizanani ngati mukulipidwa makwacha kapena meticais, chifukwa osintha ndalama a pamalire akhoza kukudyerani phindu lonse. Mabungwe ndi maofesi a boma salipira munthu wopanda BI, chiphaso cha unzika, ndi NUIT, nambala ya msonkho, ena amafunanso akaunti ya kubanki, ndiye konzeranitu mapepala amenewa ntchito isanabwere.

Pamaliro a m'mudzi mwanu simulipiritsa, zimenezo mukuzidziwa kale. Eni mabala ena amafuna kulipira ndi mowa, kanani. Ndaona anzanga a mawu okoma kuposa anga atathera m'kachasu wa kwa omvera okonda kugulira woimba. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye kuno kumapiri, imwani madzi ofunda musanaimbe, mufunditse khosi, ndipo yambani ndi nyimbo yotsika zala ndi mmero zisanatenthe. Nthawi ya kampeni anthu andale amabwera ndi ndalama yooneka, kufuna nyimbo. Aliyense asankhe yekha, koma ine ndimakana, chifukwa chisankho chikapita theka la anthu amene ankakuitanani amakuonani ngati wa chipani, ndipo dzina limenelo silichoka msanga.

Chotsala ndi umwini wa nyimbo, ndipo apa ndikupemphani mumvetsetse. Mnzanga wina wa ku Macanga anajambulitsa nyimbo yake kwa wojambula wina mumzinda, pangongole, popanda cholemba chilichonse. Patapita miyezi anaimva ikuimbidwa ndi mnyamata wina, mawu omwewo, chuni yomweyo, atangoikamo ng'oma. Atapita kukafunsa anauzidwa kuti nyimboyo inalipira ngongole. Analibe pepala, analibe mboni, ndipo mpaka lero akaiimba ana amamuuza kuti akuimba nyimbo ya eni ake.

Lamulo la dziko lino la umwini wa zopekapeka, Lei 9/2022, limati nyimbo ndi yanu kuyambira pamene mwaipeka, koma pa mkangano chimafunika ndi umboni. Choncho nyimbo iliyonse ilembeni m'kope ndi tsiku lake, ndipo kujambula koyamba kwa pafoni kuja mudzitumizire pa imelo musanapite nako kwa wina aliyense, kuti tsiku lioneke. Dziwaninso kuti pali zinthu ziwiri zosiyana: nyimbo yeniyeni, kutanthauza mawu ndi chuni, ndi chojambulidwa cha ku studio. Wojambula amene mwamulipira alibe gawo pa mawu ndi chuni yanu. Lembani kapepala ka mizere yochepa konena kuti nyimbo yakuti anapeka ndi uje, wojambula walandira ndalama yakuti, chojambulidwacho ndi cha woimba, nonse musaine pamaso pa mboni. Ngati mnzanu anakuthandizani ndime imodzi, gwirizanani gawo lake tsiku lomwelo mudakali kuseka, musadikire nyimbo itchuke. Bungwe loyang'anira za olemba ndi opeka kuno ndi SOMAS, likulu lake lili ku Maputo, ndipo ku Malawi kuli COSOMA. Nyimbo zanu zikayamba kumveka pa wailesi, funsani za kulembetsa.

Mafayilo a WAV asungeni malo awiri kapena atatu, pa flash, pa imelo, ndi kwa m'bale wokhulupirika, chifukwa makompyuta a m'ma studio amafa ndipo mafoni amabedwa m'chapa. Kope lija muliike m'pepala la pulasitiki, kutali ndi chiswe, ndipo akazi anu kapena amuna anu ndi mwana wamkulu adziwe pamene lili. Kuno ku Mozambique umwini wa nyimbo umakhalapobe kwa zaka 70 mwini atamwalira, ndipo amene adzafunsidwe umboni nthawi imeneyo ndi iwowo.